Matenda a Parkinson: chakudya ndi masewera zithandizane ndi mankhwala

M'midzi ndi m'matauni mwathu muli anthu achikulire amene dzanja lawo limangonjenjemera ngakhale atakhala phee. Ena mwa iwo amayenda chowerama, akuponya timapazi tifupitifupi ngati akuthamangira chinthu chimene chagwa patsogolo pawo. Nkhope yawo sisekerera, mawu amatuluka chapansipansi, ndipo kumanga batani la malaya kumawatengera nthawi. Anthu akawaona amayankhula zosiyanasiyana. Ena amati ndi ukalamba basi. Ena amati ndi kachasu amene ankamwa paunyamata. Ena amafika ponena kuti gogoyo ndi mfiti, zimene anachitira anzake zam'bwerera.

Ife alangizi a zaumoyo tikufuna inu achinyamata a m'makalabu mudziwe kuti ena mwa anthu amenewa akudwala matenda a muubongo otchedwa Parkinson. Pali chifukwa chinanso chimene tasankhira nkhaniyi. Pa intaneti pali mauthenga ambiri otsatsa njira yotchedwa functional medicine, ndipo ena mwa otsatsawo amalonjeza kuti zakudya zapadera ndi mabotolo a mavitamini zingathetse matendawa. M'mabanja ambiri amene ali ndi foni yolowera pa Facebook ndi WhatsApp ndinu, choncho makolo adzafunsa inu ngati n'koyenera kugulitsa mbuzi kuti agule mabotolowo. Tiyeni tione bwinobwino zimene zili zothandiza mu njirayi ndi zimene zingangotha ndalama za banja.

Kodi matenda a Parkinson ndi otani?

Dzinali ndi la dokotala wa ku London, James Parkinson. M'chaka cha 1817 iye analemba kabuku kofotokoza za anthu 6 amene ankanjenjemera ndi kuyenda movutika, ndipo atatu mwa iwo anangowaona mumsewu. Patapita zaka zoposa 50, dokotala wina wa ku France, Jean-Martin Charcot, ndiye anatcha matendawa dzina la Parkinson. Tsiku limene James Parkinson anabadwa, 11 Epulo, ndi limene dziko lonse limakumbukira matendawa chaka ndi chaka.

Mkati mwa ubongo muli kachigawo kakang'ono, kooneka kakuda, kamene madokotala amakatcha substantia nigra. Maselo a pamenepa amapanga mankhwala achilengedwe otchedwa dopamine, amene amathandiza kuti uthenga wochoka ku ubongo ufike bwino ku manja ndi ku miyendo. Tingayerekeze dopamine ndi oilo wa pa tcheni cha njinga. Oilo akauma, njinga imayendabe koma movutika, ndipo wopalasa amatopa msanga. Mwa munthu wodwala Parkinson maselo aja amafa pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Pamene zizindikiro zikuyamba kuonekera, theka la maselowo kapena kuposa apo amakhala atafa kale.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena kuti mu 2019 anthu oposa 8.5 miliyoni anali ndi matendawa, ndipo chiwerengerochi chinali chitawirikiza kawiri pa zaka 25. Musaganize kuti ndi matenda a azungu okha. M'boma la Hai ku Tanzania, akatswiri anayenda khomo ndi khomo m'dera la anthu oposa 160,000, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2008. Anapeza odwala 33. Mwa odwala 10 aliwonse, pafupifupi 8 anali asanauzidwepo dzina la matenda awo ndipo sankalandira chithandizo chilichonse.

Matendawa sasankha wolemera kapena wotchuka. Katswiri wa nkhonya Muhammad Ali anamupeza nawo mu 1984, ndipo mu 1996 dziko lonse linamuona akuyatsa muuni wa masewera a Olympics ku Atlanta dzanja likunjenjemera. Anakhala nawo zaka 32 mpaka pamene anamwalira mu 2016. Papa John Paul II anadwalanso matendawa. Michael J. Fox, katswiri wa mafilimu, anamupeza nawo mu 1991 ali ndi zaka 29 zokha, umboni wakuti nthawi zina amagwiranso anthu a msinkhu wathu.

Zizindikiro zake

Zizindikiro zikuluzikulu ndi izi:

• Kuchedwa pochita chilichonse, monga kudzuka pampando, kuvala kapena kutema nsima.
• Kunjenjemera kwa dzanja kapena mwendo pamene munthu wangokhala. Kawirikawiri kumayamba mbali imodzi ya thupi, ndipo kumachepa munthuyo akagwira chinthu.
• Kuuma kwa minofu ya m'khosi, m'mapewa ndi m'miyendo.
• Kuyenda chokhwekhwereza mapazi, mkono osagwedezeka, komanso kugwaigwa matenda akakula.

Palinso zizindikiro zina zimene anthu sazigwirizanitsa ndi matendawa: kudzimbidwa mpaka kutha masiku osachita chimbudzi, kusamva fungo, kuchucha dovu, chizungulire poimirira, kukhumudwa, ndi kubwebweta kapena kuponya zibakera kutulo. Zina mwa izi zimayamba zaka zambiri manjenje asanaoneke.

Dziwani kuti si manjenje onse amene ali Parkinson. Mowa, matenda a chithokomiro, sitiroko, ndi mankhwala ena monga haloperidol, chlorpromazine ndi metoclopramide angathenso kuchititsa munthu kunjenjemera kapena kuuma thupi. Kachilombo ka HIV kakafika mu ubongo kangabweretsenso zizindikiro zofanana nazo. Palinso manjenje a kumtundu amene amabwera pamene munthu wanyamula kapu kapena akulemba. N'chifukwa chake kugamula kuti uyu ali ndi Parkinson ndi ntchito ya dokotala. Ntchito yanu ndi kulimbikitsa banja kuti lipite naye kuchipatala, litatenga buku lake la kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa.

Chimayambitsa n'chiyani?

Chachikulu ndi zaka. Odwala ambiri amakhala opitirira zaka 60, ndipo amuna amadwala kwambiri kuposa akazi. Mwa odwala 10 aliwonse, pafupifupi mmodzi amakhala kuti matendawa ali kumtundu kwawo. Matendawa si opatsirana. Mungathe kudyera mbale imodzi ndi wodwala, kumusambitsa ndi kugona naye chipinda chimodzi popanda chovuta.

Ziphe zina zimawononganso maselo aja. Mu 1982 ku California, m'dziko la America, achinyamata angapo anadzibaya mankhwala ozunguza bongo opangidwa mobisa. Pasanathe masiku ambiri anauma thupi lonse, osatha kuyenda kapena kuyankhula, ngati nkhalamba zimene zadwala Parkinson kwa zaka zambiri. Dokotala William Langston ndi anzake anapeza kuti m'mankhwalawo munali chiphe chotchedwa MPTP. Chiphechi chikalowa m'thupi chimasanduka china chofanana kwambiri ndi paraquat, mankhwala ophera udzu m'minda. Kuchokera nthawi imeneyo kafukufuku wambiri wasonyeza kuti anthu amene agwira mankhwala ena a m'munda kwa zaka zambiri, monga paraquat ndi rotenone, amakhala pachiopsezo chachikulu. Mayiko a m'bungwe la European Union analetsa paraquat mu 2007, ndipo mu 2012 dziko la France linavomereza kuti Parkinson ndi matenda amene mlimi angawatengere ku ntchito yake.

Nkhani imeneyi ikukhudza inu amene mumapopera tomato, thonje kapena ndiwo zamasamba kudimba. Valani malaya aatali manja, buluku, nsapato ndi chophimba kukamwa ndi mphuno. Musasakanize mankhwala ndi dzanja, musapopere moyang'anana ndi mphepo, ndipo sambani ndi sopo mukangomaliza. Botolo limene munali mankhwala lisasanduke losungiramo madzi, mchere kapena mafuta ophikira. Kupewa kumaposa kuchiza.

Mankhwala a kuchipatala

Mu 1957 katswiri wa ku Sweden, Arvid Carlsson, anapatsa akalulu amene sankatha kuyenda mankhwala otchedwa levodopa, ndipo akaluluwo anadzuka n'kuyamba kuyendanso. Ntchito yake pa dopamine inamupezetsa mphoto ya Nobel mu 2000. Mu 1967 dokotala George Cotzias wa ku New York anasonyeza kuti levodopa akamaperekedwa pa mlingo wokwanira, odwala amene ankangokhala pampando amayambanso kudzithandiza okha. Levodopa akafika mu ubongo amasanduka dopamine. Masiku ano amaphatikizidwa m'piritsi limodzi ndi mankhwala ena otchedwa carbidopa, amene amachepetsa nseru ndi kuthandiza kuti levodopa wambiri afike ku ubongo.

Mankhwalawa sachiza matendawa, ndipo kufikira lero palibe mankhwala kapena chakudya chimene chimawachiza. Koma amabwezera munthu mphamvu yodya yekha, kusamba yekha ndi kupita kudimba kapena kutchalitchi kwa zaka zambiri. Inu mukudziwa kale za ma ARV, kuti mankhwala osachiza angathe kusintha moyo wa munthu akamamwedwa mokhulupirika. Levodopa nayenso amafuna kumwa pa nthawi yake tsiku lililonse. Kusiya mwadzidzidzi n'koopsa: thupi lingathe kuuma ndi kutentha kwambiri mpaka munthu kumwalira. WHO inaika levodopa ndi carbidopa pa mndandanda wa mankhwala ofunika kupezeka m'dziko lililonse, komabe m'mayiko ambiri a mu Africa sapezekapezeka m'zipatala zing'onozing'ono ndipo m'mafamase ndi okwera mtengo. Vuto limeneli ndi limene limachititsa mabanja kuthamangira aliyense amene walonjeza njira ina.

Nanga functional medicine n'chiyani?

Mawuwa anatchuka ku America. Katswiri wina dzina lake Jeffrey Bland anayambitsa bungwe la Institute for Functional Medicine mu 1991, ndipo mu 2014 chipatala chachikulu cha Cleveland Clinic chinatsegula nthambi yotsata njirayi. Otsatira ake amati dokotala asamangoona chiwalo chodwala, koma aziona munthu yense: zimene amadya, mmene m'mimba mwake mukuyendera, mmene amagonera, ntchito imene amagwira, ziphe zimene wakumana nazo ndi nkhawa zimene ali nazo. Amakhala nthawi yaitali ndi wodwala, kumufunsa mbiri ya moyo wake kuyambira ali mwana.

Mafunso amenewa ndi abwino, ndipo pa matenda a Parkinson ndi ofunika kwambiri chifukwa matendawa amakhudza thupi lonse. Koma madokotala ambiri amadzudzula njirayi pa mbali ina. Ena mwa otsatira ake amayeza magazi, chimbudzi ndi tsitsi pa mtengo wokwera, kenako n'kulembera wodwala mabotolo ambirimbiri a mavitamini ndi zina zowonjezera, pamene umboni wakuti zimathandiza palibe. Kawirikawiri wolemba mabotolowo ndi yemwenso amawagulitsa.

Zimene zinayesedwa n'kulephera

Ubwino wake, zina mwa zinthu zimene zimatsatsidwa zinayesedwa kale pa anthu ambiri. Poyesapo, gulu lina limapatsidwa chinthu chenichenicho, lina limapatsidwa mapiritsi ofanana nacho koma opanda kanthu, ndipo wodwala ngakhale dokotala sadziwa amene walandira chiti.

Vitamini E anayesedwa pa odwala 800 ku America ndi ku Canada, ndipo zotsatira za mu 1993 zinasonyeza kuti sanachedwetse matendawa. Coenzyme Q10, amene amagulitsidwa kwambiri mpaka lero, anayesedwa pa odwala 600. Kafukufukuyo anaimitsidwa mu 2011 ataona kuti palibe phindu. Creatine, ufa umene anyamata onyamula zitsulo amaudziwa, anayesedwa pa odwala 1,741 ndipo nayenso anaimitsidwa mu 2013 pa chifukwa chomwecho.

Izi sizikutanthauza kuti mavitamini ndi oipa. Wodwala amene dokotala wamupeza kuti akuperewera vitamini B12 kapena vitamini D ayenera kulandira. Koma kupereka chimene chikuperewera n'kosiyana ndi kulonjeza kuti botolo la ndalama zambiri lidzutsa maselo amene anafa. Mukaona uthenga wonena kuti chinthu chimodzi chimachiza Parkinson, shuga, khansa ndi kuthamanga kwa magazi, kapena wolangiza wodwala kuti asiye mapiritsi a kuchipatala, dziwani kuti akufuna ndalama zanu. Musautumize kwa ena.

Masewera olimbitsa thupi

Pa zonse zimene otsatira functional medicine amalimbikitsa, chimene chili ndi umboni wamphamvu n'chaulere. Mu 2018 panatuluka zotsatira za kafukufuku wa ku America wotchedwa SPARX, amene anachitika pa odwala 128 ongowapeza kumene ndi matendawa. Amene ankachita masewera amphamvu kwambiri pa makina oyendapo, mphindi 30 kanayi pa sabata kwa miyezi 6, zizindikiro zawo sizinasinthe kwenikweni, pamene za amene sankachita masewera zinakula. Mu 2012 kafukufuku wina wa odwala 195 anapeza kuti masewera a ku China otchedwa tai chi, ochita kawiri pa sabata kwa masabata 24, anathandiza odwala kuima molimba ndi kuchepetsa kugwa.

Kuno kwathu sitifunika makina. Kuyenda mwandawala m'mawa kusanatenthe, mpaka munthu ayambe kupuma mofulumira koma akutha kuyankhula, ndi masewera okwanira. Onjezani kudzuka ndi kukhala pampando maulendo 10, kutambasula manja m'mwamba ndi m'mbali, kutembenuza khosi, ndi kuponya mapazi ataliatali mwadala. Yambani ndi mphindi zochepa n'kumawonjezera sabata ndi sabata. Chitani masewerawa pa nthawi imene mankhwala akugwira bwino ntchito, ndipo pakhale munthu pambali. Wodwala amene alinso ndi vuto la mtima ayambe wafunsa kuchipatala.

Pali chinthu china chodabwitsa. Nthawi zina wodwala amangoima pakhomo, mapazi ngati amatidwa pansi. Musamukoke, angagwe. Muwerengereni mokweza kuti "imodzi, ziwiri, imodzi, ziwiri", kapena muombereni m'manja, kapena lembani mzere pansi ndi phulusa kuti audumphe. Ubongo ukamva kugunda kobwerezabwereza kapena kuona mzere, umapeza njira ina yoyendetsera miyendo. N'chifukwa chake m'mayiko ambiri kuvina kumagwiritsidwa ntchito pothandiza odwalawa. Ng'oma ya kalabu yanu, imene mumaimbira mganda, beni kapena chioda, ingathe kugwira ntchito imeneyi. Kuimba nyimbo mokweza kumathandizanso mawu amene ayamba kuzilala. A mafizo a kuchipatala cha boma lanu angakuphunzitseni masewera oyenera wodwala wanu.

M'mimba ndi chakudya

Otsatira functional medicine amanena zambiri za matumbo, ndipo apa pali mfundo yoona. Mu 2003 katswiri wa ku Germany, Heiko Braak, anapereka ganizo lakuti mwa odwala ena matendawa amayambira m'mitsempha ya m'matumbo kenako n'kukwera ku ubongo. Chimene banja lililonse losamalira wodwala limaona ndi kudzimbidwa. Kumasautsa, kumathetsa chilakolako cha chakudya, ndiponso kumachedwetsa mapiritsi kufika m'matumbo mmene amalowera m'magazi. Wodwala wodzimbidwa angamwe mankhwala ake bwinobwino koma osaona kusintha.

Chithandizo chake chili pakhomo pomwepo. Nsima ndi phala zikhale za mgaiwa osati za ufa woyera. Pasasowe ndiwo zamasamba monga bonongwe, chisoso, nkhwani, kholowa ndi therere, komanso zipatso monga mapapaya, mango ndi malalanje. Wodwala amwe makapu 6 mpaka 8 a madzi patsiku. Odwala ambiri amadzimana madzi poopa kuvutitsa anthu kuwaperekeza kuchimbudzi, choncho muziwakumbutsa ndi kuwaperekeza mosanyinyirika. Madziwo amachepetsanso chizungulire chobwera poimirira. Zikakanika, kuchipatala kuli mankhwala ofewetsa chimbudzi.

Odwala ambiri amaonda chifukwa kunjenjemera kumadya mphamvu ndipo kudya kumawatengera nthawi. Apatseni zakudya za magulu onse 6 amene timaphunzitsa kusikelo, pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Tsirani nsinjiro m'phala ndi m'ndiwo. Matenda akakula kumeza kumavuta, ndipo chakudya chikalowera ku mapapo chimayambitsa chibayo, chimene chimapha odwala ambiri a Parkinson. Wodwala adye atakhala tsonga, mbamu zing'onozing'ono, mosafulumizidwa, ndipo asagone atangomaliza kudya. Akamatsamwa pafupipafupi, pitani naye kuchipatala.

Nthawi yomwera mankhwala

Mfundo iyi mabanja ambiri saidziwa. Levodopa amalowa m'magazi ndi mu ubongo kudzera pa khomo limodzi ndi zakudya zomanga thupi monga nyama, usipa, mazira, mkaka ndi nyemba. Zikafika pamodzi zimalimbirana khomolo, ndipo mwa odwala ena mankhwala amachepa mphamvu. N'chifukwa chake madokotala amalangiza kumwa levodopa ndi madzi mphindi 30 chakudya chisanafike, kapena patatha ola limodzi munthu atadya. Akamachita nseru, angamwere kachidutswa ka mbatata kapena nthochi. Musamuletse wodwala nyemba ndi nsomba, chifukwa thupi lake likuzifuna. Chofunika ndi kusiyanitsa nthawi. Mapiritsi owonjezera magazi nawonso amatchinga levodopa, choncho pakati pa awiriwa papite maola awiri.

Apa wachinyamata wodziwa kulemba angathandize kwambiri. Tcherani alamu pafoni. Sungani kope lolembamo nthawi imene gogo amwa mankhwala, nthawi imene thupi lamasuka ndi nthawi imene laumanso. Patapita zaka, mphamvu ya piritsi imayamba kutha msanga, ndipo ena amayamba kugwedezeka thupi mosafuna. Dokotala akaona kopelo amadziwa mmene angasinthire mlingo. Banja lisasinthe lokha.

Tulo ndi maganizo

Odwala ena amakuwa, kutukwana kapena kumenya mateche ali m'tulo, chifukwa thupi limachita zimene akulota. Ena, makamaka matenda akakula kapena mankhwala akachuluka, amaona anthu kapena nyama zimene palibe. Taganizirani zimene mudzi unganene za gogo wa nkhope yosasekerera, amene amakuwa usiku ndi kunena kuti waona ana pakona ya nyumba. M'dziko muno okalamba akhala akumenyedwa, kuthamangitsidwa ngakhale kuphedwa chifukwa chowaganizira ufiti. Lamulo la mu 1911 lokhudza za ufiti limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Zizindikirozi ndi za matenda, ndipo dokotala ayenera kuuzidwa chifukwa nthawi zambiri kusintha mankhwala kumathandiza.

Kukhumudwa ndi mbali ya matendawa, ndipo kumakula munthu akamachita manyazi kudya pagulu kapena kupita kumaliro. Wodwala amene akungodzitsekera m'nyumba, kukana chakudya kapena kunena zofuna kufa akufunika chithandizo cha kuchipatala mwachangu. Kumbukiraninso kuti ngakhale nkhope yake isasonyeze, amamva zonse zimene mukunena. Mupatseni nthawi yoti amalize mawu ake. Kuwothera dzuwa la m'mawa, kuchepetsa tulo ta masana ndi kugona nthawi imodzimodzi tsiku lililonse kumathandiza kuti agone bwino usiku.

Nanga kalongonda?

Ena mwa inu mudzawerenga pa intaneti za chomera chotchedwa Mucuna pruriens, chimene chimagulitsidwa ngati ufa kapena makapisozi. Chomerachi si chachilendo: ndi kalongonda, m'bale wake wa chitedze. Mbewu zake zili ndi levodopa weniweni. N'chifukwa chake amayi amaphika kalongonda tsiku lonse akutaya madzi kangapo, podziwa kuti wosapsa bwino amaledzeretsa. Mu 1989 ku Mozambique, pa nthawi ya nkhondo ndi njala, anthu oposa 200 anazungulira mutu atadya nyembazi zosakonzedwa bwino chifukwa madzi ankasowa.

Gulu la madokotala lotsogozedwa ndi Roberto Cilia wa ku Italy lakhala likufufuza ngati ufa wa mbewuzi ungathandize odwala a m'mayiko amene mapiritsi sapezeka. Mu 2017 anapeza, pa odwala 18, kuti mlingo umodzi woyezedwa bwino unagwira ntchito mofanana ndi piritsi. Koma mu 2018, atapatsa odwala 14 ufawu tsiku ndi tsiku, theka la iwo anasiyira panjira, ena chifukwa cha vuto la m'mimba, ena chifukwa zizindikiro zinakula. Mphamvu ya mbewuzi imasiyananso malinga ndi mtundu wake ndi kakonzedwe kake, choncho supuni ya lero singafanane ndi ya mawa. Ukachuluka umabweretsa kusanza, kugwedezeka thupi ndi kuona zinthu zimene palibe, makamaka kwa amene akumwa kale mapiritsi. Kalongonda ndi mankhwala amphamvu, ndipo wodwala asayesere kudzipatsa yekha popanda dokotala womuyang'anira. Safunsa anadya phula.

Kodi kalabu yathu ingachitepo chiyani?

• Mukadziwa munthu amene ali ndi zizindikiro tatchulazi, uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu ndipo thandizani banja kupita naye kuchipatala. Akafunika dokotala wamkulu adzatumizidwa ku chipatala cha boma, kapena ku zipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba ndi Mzuzu.
• Gawanani masiku oyenda naye ndi kuchita naye masewera, awiriawiri, mutapempha chilolezo kwa iye mwini ndi kwa banja.
• Konzani pakhomo kuti asagwe. Salazani njira ya kuchimbudzi, zikani mitengo yogwirira, pangani mpando wobowola pakati woika pachimbudzi, chotsani zingwe ndi mphasa zopindika, ndipo usiku pakhale tochi pafupi.
• Kulungani nsanza pa chigwiriro cha supuni kuti chinenepe, ndipo madzi muziwathira theka la kapu.
• Pumitsani womusamalira. Kawirikawiri amakhala mayi wokalamba kapena mtsikana amene akujomba kusukulu. Kutunga madzi, kutola nkhuni kapena kukhala ndi wodwala masana amodzi ndi chithandizo chachikulu.
• Konzani sewero lophunzitsa mudzi kuti manjenje si ufiti, ndipo itanani mfumu ndi atsogoleri a mipingo. Tsiku la 11 Epulo ndi loyenera kuchita zimenezi.

Achinyamata anzathu, banja likadzakufunsani za uthenga wa pafoni, liuzeni kuti kuona munthu yense ndi nzeru yabwino, ndipo zambiri zimene zimathandiza zili kale m'manja mwathu: kuyenda, ng'oma, mgaiwa, mapapaya, madzi ndi anthu ocheza naye. Liuzeninso kuti zonsezi zimagwira ntchito limodzi ndi mapiritsi a kuchipatala. Ngati pali ndalama yochepa, ipite ku thiransipoti ya kuchipatala, ku mankhwala amene dokotala walemba ndi ku chakudya. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo amene akunjenjemera lerowa ndi omwe anatibereka kumbuyo dzana.

Mafunso okambirana pa msonkhano wa kalabu

1. Kodi m'dera lathu anthu amati chiyani akaona munthu wachikulire akunjenjemera? Nanga zimenezo zimamukhudza bwanji iye ndi banja lake?
2. Kodi tingadziwe bwanji kuti uthenga wotsatsa mankhwala pafoni ndi wabodza?
3. Ndani mwa ife amapopera mbewu, ndipo amadziteteza motani?
4. Kodi mwezi uno tingayambe ndi khomo liti, ndipo apite ndani?